Duwa Lokana Dothi

1.
Laphuka!

2.
Ayi, tisathamange. Chaka chatha linali timapesi chabe, towonda ngati mizimbe ya pachilala, tomangidwa ndi luzi pamphanda ya mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba ya Nangondo ku Dedza. Analibweretsa ndi mpongozi wake Felizarda kuchokera kwawo, kufupi ndi doko la Quelimane, kumene duwali limamera pamitengo ya kokonati, m'mphepo ya mchere.

3.
Lemekezani, mwana mmodzi yekhayo wa Nangondo, ankayendetsa thiraki. Anapita kudoko kukatenga feteleza, anabwera ndi mkazi. Ulendo wina anapita, kunabwera bokosi.

4.
Mwambo wosudzula utatha, achibale a malemu anati, Felizarda, tsopano ndinu mfulu, njira ya kwanu ndi iyo.
Iye analoza mtengo uja. Likaphuka kuno, amayi, ndikhala. Likakana, ndizipita.
Anaika chikwama chake kuseri kwa chitseko, chomangamanga.

5.
Nangondo amagulitsa chikande pamsika, ndipo mtundu wa chikande amaudziwa ngati ana a mchemwali wake. Atayang'anitsitsa masamba aja anawomba m'manja, aaa, uyutu ndi m'bale wake wa chikande, ndiye m'bale wa chikande azikhala mumtengo ngati nyani, n'chifukwa chake wawonda, ndipo Felizarda atangopita kuchigayo mayiyu analimasula, nalikumbira dzenje, nalikwirira bwinobwino, napondaponda ndi chidendene uku akuimba nyimbo ya Mvano

6.
Zimene analipatsa:
manyowa a mbuzi
phulusa
madzi m'mawa, madzi masana
feteleza wodzaza chikhatho
pemphero
mawu okalipa

7.
Mizu inada bii. Inayamba kununkha.
Amayi! anafuula Felizarda akufukula ndi zala. Mwalikwirira lamoyo?
Ndimalithandiza, mpongozi. Kodi chilipo chomera chokana dothi?
Ili. Silidya dothi, silidya mtengo. Limangogwira.
Nanga limakhuta chiyani?
Mphepo. Mvula ikamadutsa.
Nangondo anachita manyazi mpaka m'makutu. Anagwira luzi yekha pamene ankalibwezera pamphanda.

8.
Chikwama chili pomwepo.

9.
Iwe duwa iwe, ndikulankhula ndi iwe. Juni wa ku Dedza ndi uyu, si kwanu kwa thukuta kuno, na, funda juzi yangayi, anthu aseke. Mwana ndinakwirira kale. Uyu akatuluka m'nyumba muno ndizikangana ndi ndani za mchere, mphaka?
Nangondo ankaopa. Ankaopa zedi.

10.
Chikwama chili pomwepo. Posesa amachilambalala.

11.
Laphuka! M'mawa wa Seputembala, Nangondo akukataya phulusa, mutu dzuu, ndi awo maluwa lendelende pamphanda, achikasu, a mawangamawanga ngati kambuku, fungo lokoma mpaka kukhola, chiwaya gwee pansi, phulusa m'mapazi, mpango wagwa sautola, nthungululu yatulukira yokha, agalu akuuwa, oyandikana nawo akutuluka ndi zikwanje poyesa kwalowa wakuba, iye liwiro, mawondo aja amadandaula nawo kutchalitchi aiwala kupweteka, mpongozi, mpongozi, tulukani mudzaone mlendo wanu wavala zaukwati

12.
Laphuka.
Ndaona, amayi.
Ndiye mukuyankha ngati ndakuuzani mtengo wa tomato? Bweretsani chikwama icho, lero tichimasule!

13.
Nangondo anachinyamula yekha ndi manja awiri, mphamvu zonse, nangotsala pang'ono kugwa chagada. Chopepuka! M'katimo munalibe chitenje ngakhale chimodzi. Makoko a kokonati okhaokha, ndi luzi.
Zomangira ana ake likaswana, anatero Felizarda. Duwali, amayi, kwathu linaphuka ngakhale pamtengo wogwetsedwa ndi namondwe. Sindinaonepo litakana.
Ndiye munkadziwa? Ine chaka chonse mtima uli m'mwamba, juzi yanga ikugona panja, inu mukudziwa?
Ndikanangoti ndikhala, abale aja akanati mkazi wosudzulidwa akufunanji pano, munda? Koma duwa angakangane nalo ndani?
Nangondo anakhala pansi pakhomo pomwepo, akuseka, misozi ili mbwee, akumutukwana mpongozi wake kuti mfiti ya ku Quelimane.
Felizarda anatola khoko limodzi.
Dzukani, amayi. Gwirani luzi.