Msewu wa kwa Achemwali

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikuyendetsa giledala, chigalimoto chosalaza misewu cha khonsolo yathu, moti dzina langa lenileni linatsalira pachiphaso pokha. Khansala amati a Giledala, ana asukulu amati a Giledala, ngakhale mkazi wanga akakwiya amatero. Munthu mmodzi yekha ndiye anakana kulowa m'gulu limeneli, achemwali anga. Kwa iwo ndine "iwe" basi, ngakhale imvi zadzaza m'mutu. Ndinadandaulapo kangapo kuti pagulu azindipatsako ulemu, koma yankho silinkasintha: "Mamina ako ndinkapukuta ndine, lero ndiziti inu?" Sankanama. Mayi athu atamwalira anandilera ndi iwowo.

Lolemba lija anandipeza kugaraja ya khonsolo ndili chagada pansi pa giledala, ndikumanga paipi yomwe imadontha chaka ndi chaka. Ndinayamba kuona mapazi, ali mbuu ndi fumbi.

"Iwe, tuluka kumeneko."

Ndinatuluka. Anamasula kansalu n'kuika matimati atatu patayala.

"Taona, apsa. Mwini lole akuti abwera Lachisanu, koma akapeza chigwembe chija chilipobe atembenukira pomwepo, akagule kwina. Ndiye undiuze, chigalimoto chakochi ntchito yake n'kugona?"

Chigwembecho ndinkachidziwa. Mvula inadula msewu wotsikira kumadimba kwawo, ndipo chiyambireni kumunsiko kunkangofika njinga, nayonso yokankha. Mabanja khumi ndi anayi amalima matimati kumeneko. Achemwali, chimwalirireni alamu, amathirira okha ndi ndowa, ndipo matimatiwo ndiye chaka chawo chonse.

"Msewu wanu uli papepala, achemwali. Komiti inavomereza kale."

"Lole idutsa papepala?"

"Mafuta afika dzana, mgolo umodzi. Lachitatu m'mawa ndili kwanu."

"Amati mlandu suola, iwe, koma matimati amaola."

"Ndanena Lachitatu."

Anandisiyira matimati aja n'kuuyamba wobwerera, maola awiri wapansi.

Sindinkawanamiza ayi. Msewu umenewo unakambidwa pamisonkhano itatu. Kunapita anthu ndi chingwe kukayeza, kunapita ena kukajambula chigwembe, kenako enanso kukaona ngati oyeza aja anayeza bwino. Kuntchito kwathu chinthu chimayezedwa mpaka chitatopa. Koma ulendo uno mafuta analipo, ndipo ndinawathira ndekha m'thanki Lachiwiri.

Lachitatu ndikutenthetsa injini, kapitawo wathu anatulukira ndi pepala lina, maso ali kumbali.

"A Giledala, pulogalamu yasintha pang'ono."

Pang'ono wa kukhonsolo ndimamudziwa ine.

"Lachisanu kukubwera alendo ochokera kulikulu kudzakhazikitsa ntchito yokonza misewu ya kumidzi. Mwambo uchitikira pabwalo la mpira la kusukulu kuja. Akuti mukasalaze bwalolo ndi kanjira kolowera magalimoto."

"Nanga kumadimba?"

"Mafuta ena akabwera."

"Abwera liti?"

Anandiyang'ana ngati ndamufunsa tsiku lake lomwalira.

"Kumadimba ndi ntchito ya maola anayi okha, akapitawo. Ndiyambe kumeneko, bwalo ndilipeza mawa."

"Mgolo ndi umodzi. Mafuta akakuthereni pakati pa bwalo, alendo apeze giledala yaima pamalo oika mipando, adzayankha ndani? Mwaiwala za mnzanu wa thirakitala?"

Sindinaiwale. Mnzangayo anapatuka tsiku limodzi kukakoka mchenga wa pamlatho wa kwawo, ndipo kalata inamupeza sabata isanathe. Pano amasoka nsapato pansi pa mtengo kumsika. Ine ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume pantchito, komanso ana awiri adakali kusekondale.

Tsoka lake, njira ya kusukulu imadutsa pamphambano pomwe msewu wa kumadimba umapatukira. Kapitawo ankanditsatira panjinga yamoto. Giledala imamveka kutali, ndiye anthu anali atakwera kale kudzandichingamira, abambo ndi makasu ndi mafosholo, amayi ndi ndowa za miyala yoika pansi pa chigwembe. Achemwali anali kutsogolo, manja m'chiuno, akulankhula ndi anzawo. Sindinkamva mawu awo, koma ndimawadziwa, ankati "Sindinanene?"

Phazi langa linachoka lokha pamafuta. Giledala inachepetsa liwiro, anthu anayamba kuomba m'manja n'kumapatuka kuti ndikhote bwino. Kumbuyo kapitawo analiza hutala kawiri. Ndinaganiza zambiri pakamtunda kochepa kaja, koma panalibe chanzeru. Ndinakweza mpeni wa giledala, ndinawongola chiwongolero, n'kudutsa. Fumbi langa linawakuta onse. Sindinacheuke, ndipo musaganize kuti kunali kulimba mtima, anali manyazi.

Bwalo lija linali losalala kale. Ntchito yanga inali kupala kapinga yemwe ana ankasewerapo mpira n'kusiya fumbi lokhalokha. Ndinachita zimenezo masiku awiri, mphunzitsi wamkulu akundiyang'ana pawindo.

Lachisanu anandiuza kuti nditsuke giledala, iwo n'kuimanga kansalu konyezimira kutsogolo. Alendo a m'mawa anafika dzuwa litapendeka. Analankhula khansala wathu, analankhula wapampando wa khonsolo, kenako mlendo wamkulu, yemwe anati kuyambira lero mlimi sadzaonanso mbewu zake zikuolera kumunda chifukwa cha msewu. Anthu anaomba m'manja, inenso ndinaomba, poti manja anazolowera. Atatero anandikodola kuti ndilize injini ndi kukweza mpeni, ajambule. Inalira bwino ndithu, inakhosomola kawiri, n'kuzima. Mafuta anathera pomwepo. Ojambula anali atamaliza, ndiye palibe anadandaula.

Loweruka ndinatenga njinga yanga yakapalasa. Ndinali wotopa mpaka m'mafupa, koma kusapita kukanaipa kuposa kupita. Pamphambano panali mizere ya matayala pomwe lole inatembenukira. Bambo wina yemwe ankamangirira mbuzi pamenepo anandiuza, osandiyang'ana kumaso, kuti mwini lole anangotenga madengu ochepa omwe anthu anakwera nawo pamutu, ndipo anati sabweranso. Achemwali anakwanitsa madengu awiri, dengu lachitatu mawondo anakana.

Miyala ija inali m'chigwembe. Anayesetsa kukwirira ndi makasu, koma dzenje lofika munthu m'khosi silimva khasu masiku awiri. Kumunsi fungo linandilandira ndisanaone chilichonse. Matimati anali milumilu m'mphepete mwa madimba, ataphulika, ntchentche zikuchita phwando.

Achemwali ndinawapeza pakhonde akutsuka madengu. Ndinali nditakonzeka. Ndinkadziwa kuti andilalatira mpaka mudzi wonse umve, andikumbutsa za mamina, mwinanso andigenda ndi matimati owola, ndipo kunena zoona ndinkazifuna zimenezo.

Anaimirira, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpando wa malemu alamu, womwe amakhalapo abusa okha akabwera. Masiku onse ine ndimakhala pachitsa cha pakhomo. Anabweretsanso madzi m'tambula ya alendo, ataiika pambale. Kenako anakhala pansi chapatali.

"Takulandirani. Mwayenda bwanji?"

Ndinacheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kuli munthu wina.

"Achemwali, ndine."

"Takuonani. Kunyumba mwasiyako bwanji? Kuntchito zikuyenda?"

"Anasintha pepala m'mawa womwewo. Ndinayesa kukana, koma mgolo unali umodzi, ndiye kapitawo..."

"Ayi, musavutike n'kufotokoza, a Giledala. Ntchito ya boma timaidziwa."

Ndinakhala pampandopo ola lathunthu ndikuyesa apa ndi apo. Ndinafunsa za nkhuku, anayankha. Ndinafunsa za denga lodontha, anayankha. Ndinafika ponena dala kuti chaka chamawa adzale anyezi poti saola msanga, kuti mwina apse mtima andikalipire.

"Zikomo, mwatigawira nzeru," anatero.

Potsanzika anandiperekeza mpaka pothera bwalo basi. Kale ankafika nane kumtsinje, akundilangiza njira yonse ngati mwana wothawa sukulu.

"Mafuta akabwera ndiyambira kuno, achemwali. Ndikulumbira."

"Musathamange, zoti ziole zaola kale. Muyende bwino, bambo."

Ndinakankha njinga kukwera mtunda pang'onopang'ono, makutu ali kumbuyo. Mpaka ndinafika pachigwembe, palibe anandiitana kuti iwe.