Mapiritsi a Woluka Tsitsi

Kodi m'nyumba imene aliyense amakonda wodwala, ndani angamubere mankhwala ake?

Funso limeneli ndi lomwe linamuimika Dokotala wa Mbewa pakati pa khitchini m'mawa uja, botolo lili m'manja. Dzinali anamupatsa ndi abale ake, poti ntchito yake inali yofufuza za chitetezo cha m'thupi pa mbewa zoyera za mu labotale. Botolo linali la mng'ono wake, woluka tsitsi, amene zala zake zinali zitatupanso mpaka chipeso chinkamupulumuka. Pabotolopo panali dzina la mankhwala a kuchipatala, koma mkati munali mapiritsi ena achikasu. Wina anali atasinthanitsa. Ndipo kuchipatala anali atachenjeza kale kuti zala zikangopindika, siziwongokanso.

Sanachedwe kuloza chala. Mlamu wake, mwamuna wa wodwalayo, ankagulitsa timabotolo tonyezimira ta “zowonjezera chitetezo”, chikomekome cha nkhuyu. Anamuitana n'kumukhuthulira mapiritsiwo patebulo. Mlamuyo anavomera kuti ndi a m'katundu wake, koma analumbira kuti botolo la mkazi wake sanaligwirepo.

“Vuto lanu alamu, munazolowera odwala a michira, osayankha,” anatero.

Mawu oluma anafika pakhosi pa Dokotala wa Mbewa. Koma asanawalavule anaona mng'ono wake akunyamula kapu ndi zikhatho ziwiri ngati mwana, maso ali pansi. Amayi anali kusinki, akupukuta mbale imodzi yomweyo imene inauma kalekale. Zaka zisanu ndi ziwiri akufufuza za oleretsa ndewu a m'magazi, iyeyo n'kukhala woyambitsa ndewu m'nyumba? Anakoka mpando n'kukhala.

Anawafotokozera pang'onopang'ono. M'magazi muli asilikali olimbana ndi matenda. Koma pakati pawo pali kagulu kochepa kosanyamula zida, kamene ntchito yake ndi kugwira anzawo mkono n'kuwauza kuti uyu ndi wathu, musamumenye. Mbewa zake akazichotsera kaguluko, zimayamba kudwala popanda kachilombo kalikonse: khungu kutupa, thupi kuwonda, asilikali akugumula nyumba yawo yomwe. Ndi zomwe zinkachitika m'zala za mng'ono wake. Mapiritsi a kuchipatala aja ankaziziritsa asilikaliwo, ndipo chimene iye ankafunafuna ku labotale chinali njira yochulukitsira oleretsa aja.

Mlamu anaseka pang'ono, n'kunena kuti ndiye kuti galu wayamba kuluma mwini nyumba, ndipo iye wakhala akugulitsa zonolera mano. Panalibe amene anamuthandiza kuseka.

Amayi anaika mbale pansi. Analankhula osatembenuka.

“Pakapepala ka m'bokosi analemba kuti mapiritsi a kuchipatalawo amachepetsa chitetezo. Bambo ako anatisiya chitetezo chitatsika. Ndinali pompo pamene adokotala ankanena.”

Dokotala wa Mbewa anakumbukira chaka chimenecho: iye ali kutali kusukulu, amayi okha pabenchi ya chipatala, akuphunzira liwu limodzi lokha lachipatala, liwu lomwe linawalanda mwamuna. Ndipo iye, ndi maphunziro ake onse, anali asanakhalepo nawo pansi kuwauza matenda a mwana wawo m'chinenero chawo.

“Chitetezo cha bambo chinatha, amayi. Cha uyu chalusa. N'chifukwa chake amamuyeza magazi mwezi uliwonse, kuti asachiziziritse mopyola.”

“Ndiye sindimukwirira ameneyu?”

“Ayi. Koma akapanda kumwa, sadzalukanso.”

Woluka tsitsi anayang'ana zala zake, kenako anayang'ana mutu wa amayi, umene unali utatha miyezi iwiri uli mumpango chifukwa chosowa wowaluka tsitsi.

Amayi anapukuta manja pa epuloni n'kulowa kuchipinda. Kabati inalira. Atabwerera anali ndi chitini chawo cha mabatani, ndipo anachitsegulira patsogolo pa mwana wawo wodwala. Pansi pa mabatani, atakulungidwa bwinobwino m'kampango ka malemu bambo, munali mapiritsi oyera a kuchipatala, onse.