Nyimbo ya Amayi Yatsala M'dikoda Yakale

"Achimwene, amayi mwawataya ndinu. Musandiyang'ane choncho, mwawataya ndinu."

Ndaziona adanena izi rimoti ili m'manja. Mchimwene wake Hopeson adali chigwadire kuseri kwa kabati, akukulunga mawaya ndi tepi. Adafika dzulo lake kuchokera ku Chitedze kumene amagwira ntchito, atanyamula dikoda yatsopano, kachinthu kakang'ono kakuda koonetsa mpaka thukuta la osewera mpira. Ankati maso a bambo awo, a Gideoni, adatha ndi choko cha m'kalasi zaka makumi atatu, ndiye pano azionera zinthu zooneka.

"Ukulongolola chiyani iwe m'mawa muno?"

"Tsegulani pa zojambulidwa. Tsegulanitu, si ndinu odziwa."

Hopeson adalanda rimoti nadina. Tsamba lidabwera loyera, lopanda kanthu.

M'dikoda yakale ija mudali chinthu chimodzi chimene panyumbapo sankachitchula mwachibwana. Zaka zitatu zapitazo a wailesi ya kanema adabwera kudzajambula kwaya ya amayi a Mvano pa mpingo wawo, ndipo woyambitsa nyimbo adali mayi awo, a Sara. Tsiku loulutsa, a Gideoni adadina batani lofiira najambula mphindi khumi ndi zinayi. Patapita miyezi isanu a Sara adamwalira. Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, a Gideoni ankakhala pampando tayi osamasula, chakudya chikuzizira patebulo, n'kuonera mphindi zawozo. Pakati pa nyimbo yachiwiri a Sara ankacheukira kumbali n'kumwetulira, ndipo a Gideoni ankati, "Apo akuseka ine, ndidaima kumbuyo kwa wojambula." Ankanena sabata iliyonse ngati nkhani yachilendo.

Leroli lidali Loweruka. A Gideoni adalawirira ku msonkhano wa akulu a mpingo.

"Yakale ija ili kuti?" adafunsa Ndaziona.

"Adatenga a Latifu a pa Nsaru, amene adadzakhoza dishi aja. Tidasinthana ndi diso latsopano la dishi. Koma usapupulume, Nda. Abambo adavomera okha. Adatulutsa kadi n'kuisunga m'buku la nyimbo la amayi. Adati bokosilo lipite, amayi anu ali m'kadimu."

"Ndiye inu mudangoti eya?"

"Nanga si zimakhala m'kadi?"

Ndaziona sadaphunzire zamagetsi kwa wina aliyense, adangozolowera kutsegula mafoni a anthu a m'mudzimo mpaka adayamba kuwakonza. Ankadziwa kuti kadi ya dikoda ndi kiyi chabe, zojambulidwa zimakhala m'bokosi mwenimwenimo. Koma adakumbukiranso chaka chatha, tsiku limene ankasamutsa zithunzi za bambo ake kupita m'foni ina. Adawaonetsa kakadi kakang'ono pachikhatho nawauza kuti, "Musamade nkhawa ndi foni, zonse zimakhala umu." Mphunzitsi wokalamba uja phunzirolo adalisunga bwino lomwe.

Zimenezi sadamuuze Hopeson. Adangoti, "A Latifuwo amatani nazo zakale?"

Hopeson adayang'ana pansi. "Akuti amazifufuta, n'kugulitsa kwa oonetsa mpira."

Foni ya Latifu inkangoitana. Ndaziona adatsegula buku la nyimbo, napeza kadi itakulungidwa m'kampango koyera ka amayi ake. Adaiika m'thumba la siketi n'kutuluka nsapato zili m'manja. Hopeson adamutsatira akuitana njinga zamoto ziwiri pamphambano.

Njira ya ku Nsaru sidatalikepo chonchi. Fumbi linkalowa m'kamwa, wanjinga ankazemba ngolo za mbatata ndi mbuzi zopita kumsika, ndipo Ndaziona ankangomumenya paphewa kuti achangamuke. M'mutu mwake ankaona chala cha Latifu chikutsikira pa batani. Kufufuta sikutenga nthawi, iye ankadziwa. Umafunsidwa kamodzi ngati watsimikiza, ukavomera basi zatha. Adayesa kukumbukira nyimbo yachiwiri ija momwe amayi ake ankaikwezera, koma zinkamveka m'makutu ndi injini yokha.

Pa shopu adapeza Halima, mkazi wa Latifu, akupimira munthu misomali.

"Bambo akwera denga la a Jailosi kuseri kwa msika. Abwera pompano. Khalani pabenchipo, achemwali."

"Dikoda imene adatenga dzulo kwa a Gideoni ili kuti?"

Halima adaloza ndi chibwano. Pathebulo la m'kati padali madikoda anayi ofanana, osanjikizana. Awiri adali ndi tepi yoyera pamwamba.

"Za tepizo ndiye zatani?"

"Azitsuka m'mawawu. Zikudikira ogula."

Ndaziona adalowa osapempha. Adanyamula yoyamba ya tepi naitembenuza. Bambo ake ankalemba dzina pa chilichonse ndi cholembera chofiira, khasu, ambulera, ngakhale chidebe. Pansi pa yoyamba padalibe kanthu. Yachiwiri adaitembenuza ndi Hopeson. Padali dzina la munthu wina. Yawo idali pansi penipeni, yopanda tepi, zilembo zofiira zili poonekera.

"Mwaonatu," adatero Hopeson akupuma. "Ukanandidya wamoyo pachabe."

"Ndikudyanibe. Dikirani iyake."

Latifu adafika masana, makwerero ali paphewa, malaya atanyowa. Atamva nkhani adavula chipewa napukuta pamphumi.

"Akanandiuza madala aja. Ine ndidawaona akupsompsona kadi, ndimati ndi za mapemphero. Mwayi wanu magetsi adathima ndisanaifike."

Magetsi adali atabwera, ndiye adalumikiza mawaya pa kanema wa pashopupo. Ndaziona adamasula kampango napereka kadi. Dikoda idalira ngati njuchi m'botolo, idaganiza nthawi yaitali, kenako mndandanda udabwera. Mzere umodzi wokha: tsiku lija, mphindi khumi ndi zinayi, ndi kachithunzi kakang'ono pambali, amayi ovala zoyera ndi maduku, a Sara ali patsogolo pakamwa pali potsegula.

Ndaziona adadina.

Kanema adada. Padabwera mawu a Chingerezi pakati, ndi nambala. Adadinanso. Omwewo.

"Akuti chiyani?" adafunsa Halima atasiya sikelo.

Latifu adawerenga milomo yokha ikugwedera. "Achimwene, yatsopano ija mudailembetsa dzulo pa foni, eti?"

"Eya, mudandiuza ndinu."

"Ndiye kadi iyi adaitseka pompo. Dzina limodzi, dikoda imodzi. Zojambulidwazi zimakhala zokhoma, sizitseguka popanda kadi yamoyo."

"Tsegulani bokosilo," adatero Ndaziona. "Chotsani chosungiracho, tikopere pa kompyuta. Ndili ndi chingwe kunyumba."

"Ndidayesapo kawiri, achemwali. Wina adali ndi ukwati wa mwana wake umene udaonetsedwa pa nkhani. Zimatuluka nambala zokhazokha. Eni kampani adakhoma dala."

"Adakhoma za ndani? Amayiwo ndi awo?"

Panja wogulitsa kaunjika ankakuwa mitengo, ndipo dzuwa lidali litapendeka kale. Msonkhano wa akulu a mpingo umatha cha m'ma folo koloko. A Gideoni akafika, chinthu choyamba adzafuna kuyesa kadi yawo m'dikoda yatsopano, kuti mawa zisawavute.

"Tiwaimbire," adatero Latifu. "Mwina angaitsitsimutse ngakhale ola limodzi. Tijambule ndi foni pa galasipo, zituluke mizeremizere bola mawu amveke."

Adaimba naika foni pathebulo kuti onse amve. Makina adawauza kuti adine wani, kenako fili, kenako adikire. Kanyimbo ka gitala kadayamba, kadatha, kadayambanso. Hopeson adakhala pa thumba la simenti atagwira mutu. Ndaziona sadachotse maso pa kachithunzi kaja, ngati kuti akaphethira kachoka.

Pomaliza padabwera mawu a mtsikana, aulemu, ozizira bwino. Latifu adafotokoza zonse, adatchula nambala ya kadi kawiri. Kudamveka kugogoda kwa mabatani.

"Pepani bambo, madikoda a mtundu umenewo tidasiya kuwalumikiza. Kadi yake ikatsekedwa sitsegulidwanso. Koma yatsopano muli nayoyo imajambula maola ambiri kuposa yakaleyo."

"Ola limodzi lokha, mayi," adatero Hopeson atayandikira. "Yatsopanoyo muitseke, sindikuifunanso."

"Ndamva bambo, koma makina sakundilola. Pali china chimene ndingakuthandizeni?"

Ndaziona adatola foni ija pathebulo. Mawu ake adatuluka otsika, osafanana ndi a m'mawa aja.

"Achemwali, dzina langa ndine Ndaziona. Sindikulimbana ndi inu, ndikudziwa mwangolembedwa ntchito. Koma m'bokosi ili muli mayi anga. Ndikuwaona apa, atsegula pakamwa, akufuna kuimba. Bokosi ndi lathu, adajambula ndi bambo anga ndi chala chawo, ndipo palibe adatiuza kuti tikagula latsopano mutseka lakale ndi zonse zili m'katimo. Makina sakukulolani, chabwino. Makinawo ali ndi mwini wake. Ndipatseni ameneyo."

"Akuluakulu kulibe Loweruka, mayi. Mungathe kuimbanso Lolemba."

"Lolemba ndi kutali. Mawa ndi Lamulungu. Pali munthu wokalamba amene akhale pampando atavala tayi, adzandipatsa rimoti n'kunena kuti ika amayi ako."

Mtsikana uja adapumira m'foni, Ndaziona naiyandikitsa kukamwa.

"Musadule. Ndikumva kuti mulipo. Ndiuzeni mawu oti ndikawauze bambo anga, ndikanene momwemo. Ndiyankheni, achemwali."