Tikiti Yosang'ambika ya 1930

Lamulungu pa 12 Epulo 1987, Heber Umpiérrez anapita kumsika wa Tristán Narvaja ku Uruguay kukafunsa mtengo wa tikiti ya malemu bambo ake. Inali ya ndime yotsiriza ya Chikho cha Dziko Lonse cha mpira wamiyendo, pa 30 Julayi 1930, tsiku limene Uruguay inagonjetsa Argentina 4-2. Mdalayo ankafotokoza mmene anaonera zigoli zimenezo kwa zaka makumi anayi, ndipo banja lonse linkayenda nazo monyada.

Mayi Nibia, ogula matikiti akale, anaitembenuza kawiri.

"Achimwene, mwalemera. Yathunthu chonchi mtengo wake umaposa wa chiduswa katatu."

"Chifukwa?"

"Pachipata ankang'amba tikiti iliyonse. Mwini wa iyi sanalowe m'bwalo."

"Bambo anga analipo!"

"Analipodi, koma kwina. Mwina kwa amene ankawaphikira bwino."

Heber anaipinda tikitiyo mosamala potsata timabowo ta m'mphepete, naing'amba.

"Mayo! Mwapenga kodi? Ndalama zonse zija!"

"Ndawalowetsa m'bwalo madala," anatero Heber, akuika chiduswacho m'chikwama. "Angochedwa ndi zaka 56 basi."