Wofiira, Wofiira, Bulauni

A Injiniya, okonza mawailesi, anali ndi chinsinsi: maso awo sankasiyanitsa mtundu wofiira ndi wa bulauni. Kwa munthu wina imeneyi si nkhani. Koma pa ntchito yawo pali tizipangizo totchedwa marezisita, tating'ono ngati njere, ndipo kukula kwa mphamvu yake salemba ndi manambala. Amangojambulapo timizere. Bulauni ndi 1, wofiira ndi 2. Timizere tiwiri toyamba ndi manambala, kachitatu kamanena kuti maziro ndi angati.

Mwayi wawo unali woti akazi awo, atelala, ankasoka m'shopu momwemo, pafupi ndi khomo. A Injiniya ankanyamula rezisita m'mwamba n'kunena mokweza kuti, "Mayi, tione ngati mukuphunzira. Apa pali mitundu yanji?" Mayi ankatchula, bambo n'kugwedeza mutu mokhutira. Chinsinsi chinkagona bwino.

Zinthu zinasokonekera sabata imene mita yawo yoyezera mphamvu ya marezisita inagwa pansi n'kufa. Kunabwera woimba gitala atasenza ampu yake yokuzira mawu, yomwe inali itafa koma inkafunika madzulo omwewo. A Injiniya anatsegula, n'kununkhiza, n'kupeza rezisita yopserera. Pabolodi ya m'kati mwa ampuyo, pambali pa rezisitayo, panalembedwa 220. Ntchito ya mwana. Ndiye pofuna kuseketsa kasitomala analoza akazi awo nati:

"Awa mukuwaonawa ndawaphunzitsa mitundu zaka zambirimbiri. Koma m'mutu mwawo, aaa, mwangodzaza ulusi."

Makina osokera anaima. Kenako anayambanso, mwaukali.

A Injiniya anakhuthulira chitini cha marezisita patebulo. Ankafuna wofiira, wofiira, bulauni. Koma mumuluwo munalinso bulauni, wofiira, wofiira, yemwe ndi 1,200, komanso wofiira katatu, 2,200. M'maso mwawo onsewo anali ana a bere limodzi.

"Mayi, mayeso aja. Apa mukuona chiyani?"

"Ndikuona kanthu ka miyendo iwiri, bambo."

"Mitundu, mayi."

"Ulusi ungadziwe bwanji mitundu?"

Anatembenukira kwa woimba gitala. "Nanga inu, achimwene? Tingokuyesani nzeru."

Woimbayo anatsinzina diso limodzi. "Kamzere aka kali ngati njerwa. Aka kali ngati njerwa yonyowa. Bwana, nthawi ikupita. Ingoikani iliyonse."

A Injiniya anatola imodzi mongolota, n'kuyandikitsa chowotcherera. Mayi anatsokomola. Anatola ina. Mayi anatsokomolanso. Anatola yachitatu, ndipo kukhomo kunali zii.

Apa ndiye panavuta. Kodi kukhala chete kumeneku kunkatanthauza kuti alasa, kapena kuti mayi atopa ndipo awasiya apse okha? Akaika yolakwika, ampu ikanatha kukafera pagulu, ndipo dzina lawo likanafera pomwepo. Anaika chowotchereracho pansi.

"Achimwene, ndikuuzeni zoona," anatero motsitsa mawu. "Ine wofiira ndi bulauni sindisiyanitsa. Maso a shopu ino ndi awo ali apowo."

"Aaa, zimenezo?" anatero woimba gitala. "Msewu wonse umadziwa. Mumayesa timayamba tasuzumira chiyani tisanalowe? Timaona ngati mayi alipo."

Mayi anadula ulusi ndi mano, n'kudzuka mosafulumira. Anasanthula muluwo ndi chikhadabo.

"Mwagwirayo ndi 2,200. Yanu ndi iyi."

Sanatchule n'komwe mitundu. A Injiniya anailandira ndi manja awiri. Anawotcherera rezisitayo, woimbayo n'kulumikiza gitala, ndipo ampu inabangula mpaka galu wogona pakhonde anathawa.

Kasitomala akumanga zingwe zake, a Injiniya anaima pakati pa shopu ngati munthu amene watula katundu wolemera. Kenako nkhope inasintha. Anayang'ana pachifuwa pawo, n'kugwira kolala.

"Mayi, malaya munandisokerawa. Munati ndi abulauni eti?"

Woimba gitala anayang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka.

"Abulauni, bambo," anatero mayi, phazi lili kale pamakina.