Makala Opaka Vanishi

Anastazia anaima kumbuyo kwa mipando atanyamula chikwama cha a Dokotala Mathias, uku akumvetsera mphunzitsi wakeyo akunama osaphethira n'komwe.

"Ine, ndi manja angawa," anatero a Dokotala akuwakweza m'mwamba pamaso pa alendo amene anabwera kudzaona makalawo pa kapinga wa ku Mandala, "ndasandutsa mankhusu a mpunga kukhala makala!"

Manja ake ati? Manja osalala ngati a khanda, odziwa kusayina mapepala a misonkhano basi. Zaka zitatu Anastazia ankakwera basi kupita ku Nsanje kukatuta mankhusu, kuwawotcha mu mgolo kuseri kwa yunivesite, kuwakanda ndi phala la chinangwa mpaka zikhadabo kuda bii. Bambowa ankangosuzumira, mpango uli pamphuno. Koma pa pepala lokhazikitsira kampani yatsopano, mwini anali iwo. Dzina la Anastazia linali pansi penipeni: wothandizira. Mayi Salome, amene bungwe lawo linkafuna kuika ndalama m'kampaniyo, akangosayina pepala limenelo, thukuta lake lonse likhala la wina mpaka kalekale.

Anastazia ankafunitsitsa kulankhula, koma mwambo unamuletsa. Kwawo anamulera kuti wamkulu sachititsidwa manyazi pagulu.

Pa tebulo panali makala onyezimira ngati nsapato za mkwati. Dzulo lake a Dokotala anati makalawo akuoneka achimidzimidzi, sangatuluke bwino pa chithunzi, ndipo anawapititsa kwa kalipentala wa ku Limbe kuti awapake vanishi. Vanishi, pa makala! Sukulu yonse ija, mpaka kutsidya kwa nyanja, n'kubwerako ndi nzeru zoterezi.

Alendo a masuti anaomba m'manja, a Dokotala n'kumawerama uku ndi uku. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Mayi Salome sanaombe nawo. Anapita ku galimoto yawo n'kubwerako ndi mbaula yakale ndi ketulo ya madzi.

"Ine ndinakulira ku Mbayani, a Dokotala. Zithunzi siziwiritsa madzi. Tatiyatsireni timweko tiyi."

A Dokotala anaseka kaseko kouma, navula jekete. Anapanikiza makala mu mbaula osasiya ndi kampata ka mpweya komwe. Machesi anatha theka la bokosi. Moto utagwira, kunatuluka chiutsi chakuda chonunkha ngati matayala, alendo n'kubalalika akutsokomola.

"Ana asukuluwa sasamala, mayi," anatero a Dokotala, misozi ya utsi ili mbwembwembwe. "Iwe Anastazia! Unawasunga bwanji makalawa?"

Ha! Ndiye mlandu ukhalenso wake? Mantha onse anamuthera pomwepo, kunangotsala kunyansidwa. Chikwama chija anachisiya pansi, pa udzu wonyowa.

"Ndinawasunga bwino, a Dokotala. Vanishi munapakitsa ndinu."

Anatulutsa m'thumba lake makala anayi otuwa, okulunga mu nyuzipepala, omwe anati akaphikire kwawo ku Naperi madzulo. Anakhuthula mbaula, nasanja atatu ngati mafuwa, lachinayi pamwamba. Anayatsa kanyuzipepala kaja pakati, nagwada kuuzira pang'onopang'ono. Makala anafiira psuu, popanda utsi. Posakhalitsa ketulo inayamba kuimba.

Mayi Salome anawerenganso pepala lija. Kenako anayang'ana manja a awiriwo, nthawi yaitali ndithu.

"Achemwali, dzina lanu ndani?"

"Anastazia, mayi."

"Pano alemba kuti ndinu wothandizira. Mumathandiza ndani?"

Anastazia anayang'ana a Dokotala, amene anali kalikiliki kupukuta mwaye pa malaya awo oyera. Munthu ameneyu ndi amene wakhala akumugwadira zaka zitatu? Anastazia anangopukusa mutu.

Mayi Salome anapinda pepalalo pawiri, nanyamula ketulo, n'kuliponya mu mbaula.

"Lolemba mubwere ku ofesi tikalembe lina. Mubwere nokha."

Pepalalo linayaka bwino kwambiri, kuposa makala a Dokotala aja.