Mkamwini Wotupa ndi Urushi

Mwamuna wanga Sakuji ali ndi lamulo limodzi lokha, ndipo amalinyadira kuposa ana ake: pakhomo pathu salowa mkamwini amene urushi wamukana. Utomoni wa mumtengo umenewu, womwe timapaka mbale kuti zide bii n'kumanyezimira, ukakhudza khungu losauzolowera umalitupitsa. Malamulo ena onse m'nyumba muno ndi anga.

Ndiye mwana wathu Fumie anabwera ndi bwenzi lake Norihisa, mphunzitsi wa ku Kanazawa, wa manja ofewa ngati tofu, chakudya chathu cha soya. Pofuna kukondweretsa apongozi, munthu wa Mulungu anayamba kutiphunzitsa ntchito yathu yomwe.

"Bambo, mukudziwa kuti Angerezi vanishi wakuda amamutcha japani? Anasirira mbale zathu, mtengo wake analibe, ndiye anasakaniza phula ndi mafuta n'kutibera dzina la dziko lathu. Koma liwu loti urushi, ena amati linachokera ku liwu lotanthauza kunyowetsa, ena amati kukongola."

"Zaka makumi anayi ndikuupaka, sindinaufunsepo kwawo," anatero Sakuji. "Bweretsa dzanja."

Anamudontheza kadontho pamkono n'kumuuza kuti abwerenso Lamlungu. Fumie anakalilira kukhitchini. Ine mtima unandiwawa.

Lamlungu Norihisa anabweradi. Nkhope inali itafufuma, maso atatsala timing'alu, makutu ofiira psuu. Akanatha kuimba foni n'kunamizira chimfine, koma anaima pakhomo n'kuwerama mwaulemu, akudziletsa kukanda.

"Mtengo wayankha," anatero Sakuji, akusangalala ngati waupanga yekha. "Pitani bwino, aphunzitsi."

Apo m'pamene ndinatulutsa kamtondo kanga. M'mawa ndinali nditatola nkhanu zakumtsinje, zomwe timasinja n'kupaka pa zidzolo za urushi.

"Nkhanuzo n'zachiyani?" anafunsa mwamuna wanga.

"Mwaziiwala, bambo a Fumie? Si zomwe ndinkakupakani inu?"

"Iwe Tomie, pali alendo pano."

"Amve. Bambo anga atakudonthezani, inu munapita kuchimbudzi osasamba m'manja. Munatupa mpaka malo osatchulika, mukuyenda chotang'adza. Ndinakubisani kwa azakhali masiku asanu ndi anayi, bambo n'kuwauza kuti muli kumaliro a agogo anu. Agogowo anadzavina pa ukwati wathu."

Fumie anagwira pakamwa. Norihisa mwina anatuzula maso, koma ndi nkhope imeneyo panalibe wodziwa.

"Uyu wabwera yekha ndi nkhope yake," ndinatero. "Inu munabisala kuseri kwa mkazi, ndipo ndakubisani mpaka lero. Ndatopa."

Sakuji anayang'ana zikhadabo zake zakuda ndi urushi. Ndinachita mantha, chifukwa ndimamudziwa kuti manyazi amamuumitsa mutu kuposa mowa. Ndinayamba kusinja nkhanu kuti manja apeze chochita.

"Sumasinja choncho," anatero, n'kundilanda kamtondo. "Ukusiya zigoba zikuluzikulu. Kale lija unandikala nazo."

Anasinja yekha mpaka zitasalala, kenaka anakoka mkono wa Norihisa n'kuyamba kupaka pang'onopang'ono, monga amachitira ndi mbale yodula.

"Osakanda, mkamwini," anatero osadzutsa mutu. "Ndipo kuchimbudzi usambe kaye m'manja."